Mchere wa Bi Esha

Ndikakhala pakhonde kupeta mpunga, mwana wanga Tadala amandifunsa chimene ndikusekera ndekha. Ndimati palibe. Koma chimakhalapo. Ndimakhala ndakumbukira mayi wina wa ku Somalia amene tinkagundana naye khoma ku Birmingham, ndi mawu awiri: ena anatipanga chibale, enawo anatsala pang'ono kundisiyanitsa ndi mwana wanga.

Amuna anga ndi nesi. Ndiwo anatsogola, atapeza ntchito pachipatala china chachikulu ku Wolverhampton. Ine ndinatsala kwa amayi ku Nkhotakota ndili woyembekezera. Ndinachira, ndinayamwitsa, ndipo mapepala athu anatheka Tadala atayamba kuyenda chogwira zinthu. Tsiku lonyamuka amayi anandimangira mpunga wa faya m'kathumba ka nsalu, ati azungu mpunga wonunkhira saudziwa. Sanalire. Anangomugwira mwana tsaya n'kunena kuti, "Ameneyu adzandiiwala."

Tinkakhala ku Small Heath, mumsewu wa nyumba za njerwa zofiira zothinana ngati chimanga pachitsononkho. Munthu akayetsemula kwa aneba, unkamva ngati wayetsemulira m'chipinda chako. Za kuzizira ndisanene, zala zinkauma ngati makaka. Bambo a Tadala ankakwera basi kupita m'tauni, kuchoka apo tiramu, kasitima koyenda mumsewu, ndipo akabwera ankangodya n'kugwa pabedi. Ine tsiku lonse ndinali ndi mwana ndi hitala.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma manja anga sanalekezere paliponse. Bambo a Tadala anandipezera malo pafakitale yochapa ndi kusita zovala za m'mahotela. Ena ankapinda nsalu za pabedi, ena matawulo. Ine anandiika pa malaya, oyera a operekera zakudya ndi amitundumitundu a alendo. Munali nthunzi ndi kutentha ngati Okutobala wa kwathu, ndipo ine ndekha ndi amene sindinkadandaula. Atsikana awiri a ku Poland ankaimba nyimbo zawo, ine ndinkawayankha ndi za kwaya, makina akutiombera ng'oma. Poyamba ndinkapita masiku okhawo amene amuna anga ali pa ofu. Kenaka supavaiza wathu, mayi wamtali wa ku Jamaica, anandiitana n'kundiuza kuti manja anga akuwafuna, koma ndisankhe: m'mawa uliwonse pasabata, kapena malowo apatse wina.

Ntchitoyo ndinkaifuna. Denga la amayi linkadontha, mng'ono wanga anali atangosankhidwa kupita ku sekondale. Koma mwana ndimusiyira yani? Kosungira ana kukanadya malipiro onse n'kupempha ena.

Lamulungu masana tinkapemphera ndi Amalawi anzathu m'holo ina ku Kings Heath. Ambiri anali manesi. Wamkulu mwa iwo, Anaphiri, anali atatumiza kale ana ake awiri kumudzi. Anandikokera pambali pa tiyi.

"Achemwali, kuno mwana wamng'ono ndi mtolo. Mutumizeni kwa agogo ake, mudzamutenga akafika poyamba sukulu. Ine ndikupita holide ikubwerayi, ndimunyamula. Mulira mwezi umodzi, basi."

Sankanena mwankhanza, ankanena zimene anadutsamo. Amuna anga anamva, ndipo pobwerera pabasi anati ngati sitipeza womuyang'anira ulendo wa Anaphiri usanafike, mwana apite. Ndinavomera ndi mutu wokha. Tadala anali atagona pachifuwa panga, kadzanja kake kali m'jekete langa.

Kuseli kwa nyumba iliyonse kunali kabwalo ka simenti, ndipo pakati pa kathu ndi ka aneba panali mpanda wa matabwa wothyoka m'munsi. Anebawo anali mayi wachikulire pang'ono, wovala nsalu yakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope yokha poyera. Kutchalitchi ankati Asomali sacheza ndi anthu, choncho tikakumana potaya zinyalala ndinkangogwedeza mutu.

Tsiku lina kunawala dzuwa, chinthu chosowa kumeneko. Ndinatuluka kukayanika zovala, mwana ali pambuyo panga. Kunkanunkhira nsomba yootcha. Nditatembenuka, mwana palibe. Nthawi yomweyo ndinamva mawu kuseli kwa mpanda.

"Mwana! Moto, moto!"

Ndinasuzumira. Tadala anali atakwawira pothyoka paja, akulunjika pa mbaula ya makala, ndipo mayi uja anali atamugwira kale. Mtima utakhala pansi ndi pamene ndinazindikira kuti ndamva Chichewa, m'kamwa mwa Msomali, pakati pa Birmingham.

Ndinaloza Tadala n'kufunsa ngati wati mwana. Anagwedeza mutu. Ndinaloza mbaula, anati moto. Ndinaloza khoma la njerwa, anati nyumba. Anadzigwira, nati mkono. Ine ndinaloza kumwamba, ndinati mvula. Iye anati mvua, mondikonza, ngati ndine amene ndalakwitsa. Ndinalira ngati tambala, anati kuku, ine ndinati nkhuku. Mbuzi tinagwirizana, nyama tinagwirizana. Tinaima pampanda paja azimayi awiri akuluakulu tikulira ngati ziweto, mpaka nsomba inapserera mbali imodzi.

Madzulo ake anabwera mwana wake wamkazi, Zahra, msinkhu wanga womwe, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala. Iye Chingelezi ankachidziwa, ndipo ndi amene anatimasulira. Anati amayi ake dzina lawo ndi Esha, koma tiziti Bi Esha, monga ife timaikira ulemu patsogolo pa dzina la munthu wamkulu. Ndinafunsa kuti Chichewa anachiphunzira kuti. Zahra anaseka. Anati Somalia si ngamila zokha ayi. Kumwera, kufupi ndi tauni ya Kismayo, kuli tizilumba m'nyanja yamchere, ndipo anthu ake, Abajuni, ndi asodzi amene chiyankhulo chawo ndi mtundu wa Chiswahili. Kuyambira makedzana mabwato awo a matanga ankatsata mphepo, miyezi ina kumpoto ku Barawa ndi Mogadishu, miyezi ina kumwera ku Lamu, Mombasa mpaka Zanzibar. Paliponse akakocheza, anthu ankagulana, kukwatirana, kubwerekana mawu osabweza. Amayi ake anamudula pakamwa n'kunena kuti ngalawa. Ndinadumpha. Ndinati nafenso ngalawa.

Agogo awo aamuna a Bi Esha anali Msomali wa ngamila amene anatsikira kugombe kudzasinthanitsa mkaka ndi nsomba zouma, n'kuona mtsikana wa pachilumba, ngamila n'kuziiwala. Nkhondo itabuka, banja lawo linathawa pabwato kupita ku Mombasa, linakhalako zaka, kenaka ku England. Zahra anati chimene chinkawapweteka amayi ake ku Small Heath n'chakuti Asomali anali mbwee, m'masitolo ndi kumzikiti, koma Chisomali cha amayi ake chinali chothyokathyoka, ndipo ena ankawafunsa ngati alidi Msomali kapena Mkenya wongonamizira. Chingelezi ndiye analibiretu. Choncho tsiku lonse ankayankhula ndi mbaula.

Nanenso ndinanena zanga. Ndinati agogo anga aamuna ku Nkhotakota anali Msilamu, ndipo anali ndi timawu tawo ta Chiswahili timene ndinatola ndili mwana: karibu, pole, asante, ndi kazi, kutanthauza ntchito. Ankati anthu a kugombe anabwera kwathu ndi mpunga, kokonati ndi Chisilamu, ndipo pobwerera ankatenga minyanga ya njovu ndi anthu. Zahra atamasulira, Bi Esha anandiyang'anitsitsa. Kenaka anandigwira tsitsi n'kunena kuti m'mbali mwa mtsinje wa Juba kwawoko kuli alimi a tsitsi ngati langali, ena amatchedwa Wanyasa, ena Wayao, ndipo makolo awo sanapiteko mofuna. Anati mwina ndi abale ako. Anandipatsa nsomba, mbali yosapserera.

Patapita masiku angapo ndinamva kugogoda. Bi Esha, mbale yaikulu m'manja.

"Mama Tadala. Mchele."

Ndinasangalala kuti aneba ayamba kupemphana zinthu ngati kwathu. Ndinathamangira kukhitchini, ndinabwera ndi mchere pasupuni yaikulu. Anayang'ana supuni, anayang'ana ine, analoza chimbale chija. Ndinabwerera, ndinadzaza kapu. Anapukusa mutu. Ndinaganiza kuti mwina akufuna kuumitsa nsomba, ndinatenga paketi yonse n'kukhuthulira m'mbale mwake, mumtima ndikuti mayiyu magazi amuthamanga. Bi Esha ananyowetsa chala, analawa, analavula. Anandikankha pakhomo panga pomwe, analowa kukhitchini, anatsegula makabati mmodzimmodzi mpaka anapeza kathumba ka amayi kaja. Anakakweza m'mwamba.

"Mchele."

"Umenewo ndi mpunga," ndinatero.

Anati ayi, n'kuwerama ngati munthu ali m'munda, kusonyeza kuti mpunga ndi uja uli kudambo. Ukafika m'thumba ndi mchele. Tinaseka mpaka ndinatsamira firiji. Ananunkhiza mpunga wa amayi, anatseka maso. Madzulo anabweza mbale ija muli mpunga wophika ndi kokonati, ndipo bambo a Tadala anadya n'kufunsa ngati watsala.

Ndinatenga masiku ndisanapemphe. Ndinkaopa kukanidwa. Koma Tadala anali atasandutsa kale pothyoka paja khomo lake, ndipo tsiku lina Zahra anandiuza kuti amayi ake akufunsa chifukwa chimene sutikesi yaing'ono yatsikira kuchokera pamwamba pa kabati. Anali ataiona pawindo. Ndinafotokoza zonse. Bi Esha anamvetsera, anamenya ntchafu yake, nayankhula motalika. Zahra anafupikitsa: amayi akuti mwana si kalata, satumizidwa. Uzimubweretsa m'mawa.

Za malipiro anakana. Tinagwirizana kuti ine ndizisita zovala za m'nyumba mwawo ndi kuwaperekeza kwa dokotala Zahra akakhala kuntchito. Ndinauza supavaiza kuti ndizibwera m'mawa uliwonse. Amuna anga anati tione kaye, Anaphiri tisawauze msanga kuti mwana sapita. Azimayi ena a kutchalitchi anati ndidzapeza mwana atavala zakuda akupemphera choyang'ana kum'mawa. Ndinati bola ndidzamupeze.

Masabata amenewo anali okoma. Ndinkabwera masana n'kupeza Tadala atanona, m'manja mwake atamujambula timaluwa ta hina, akununkhira zokometsera tiyi. Anayamba kuyankhula, ndipo sitinkadziwa kuti mawu awa ndi athu kapena a kuseli kwa mpanda. Madzi ankati maji. Koma chimene chinatipha ndi dzina limene Bi Esha anamuphunzitsa kuti azimuitanira. Kwawo agogo aakazi amati bibi. Tsiku loyamba mwana kuima pampanda n'kukuwa kuti "Bibi, Bibi," bambo ake anathamanga ndi thewera. Atamva tanthauzo anakadzitsekera kubafa kuti aseke bwino. Tinapangana kuti zimenezi mayi wa eni asazidziwe.

Ndiye linafika tsiku lija. Zahra anali atapita ku Leicester kwa azakhali ake kwa sabata. Ndinabwera kuntchito, Bi Esha anandikhazika pansi, anandithirira tiyi. Anandigwira manja, anaona mmene nthunzi inawafiiritsira, n'kufunsa.

"Kazi gani?"

Kazi ndinkaidziwa. Ndinanyadira kuti ndamva popanda womasulira.

"Malaya," ndinayankha.

Anaika kapu pansi. "Malaya?"

"Eya, malaya. Hotela." Ndinatambasula manja kusonyeza kuchuluka kwake. Ndinawerenga zala, Lolemba mpaka Lachisanu. Ndinagwira msana kusonyeza kutopa, koma ndikumwetulira kuti aone kuti ntchitoyo ndimaikonda.

Analoza pawindo, pamene yunifolomu ya amuna anga inali pachingwe, n'kufunsa china chake chokhala ndi mawu oti bwana. Ndinamva kuti akufunsa ngati amuna anga akudziwa. Ndinavomera mwamphamvu. Ndinaloza yunifolomu ija, ndinadzigwira dzanja n'kudzikoka, kusonyeza kuti iwowo ndi amene ananditengera kumeneko. Bi Esha anaimirira, anandipatsa mwana, anatsegula chitseko. Tiyi sindinamalize.

M'mawa mwake ndinagogoda, zii. Ndinagogodanso. Katani inagwedezeka koma chitseko sichinatseguke. Ndinaganiza kuti wadwala. Masana ndinapeza pothyoka paja atatsekapo ndi chivindikiro cha bini. Amuna anga akudutsa pakhomo pake madzulo, anamva windo likutseguka, malovu n'kugwa pafupi ndi nsapato yawo.

Masiku atatu sindinapite kuntchito. Supavaiza anaimba foni, anati amandikonda koma makina sadikira munthu, Lolemba ndikapanda kuoneka basi. Ndinafufuza mumtima chimene ndinalakwa. Kodi ndinalandira kapu ndi dzanja lamanzere? Kodi mwana anapita ndi fungo la soseji ya nkhumba? Sindinapeze. Bambo a Tadala sanakalipe. Anangoti, "Amake Tadala, anthu sitikuwadziwa awa. Lero atseka chitseko, mawa adzatseka mwana ali m'kati. Tisavutike." Anaimbira Anaphiri. Ulendo unali utatsala masabata awiri. Sutikesi ija inatsikanso, ndipo ndinayamba kupindiramo timadiresi, kamodzikamodzi, mochedwa dala. Tadala ankapita pakhoma la pabalaza, kumenya ndi kadzanja, kuitana Bibi wake. Kuseliko kunali chete, koma ndinkadziwa kuti akumva.

Lolemba amuna anga anali pa ofu, anatsala ndi mwana. Ine ndinakwera basi, mvula ikuwaza. Ndinaima pamakina anga, atsikana a ku Poland anayamba nyimbo, ine sindinayankhe. Dzuwa likanakhala looneka ndikanati linali litakwera pang'ono pamene supavaiza anabwera n'kunena kuti pakhomo pali azimayi awiri akundifuna, ndipo wina ali ndi ambulera ngati akufuna kumenya munthu.

Anali Bi Esha ndi Zahra, amene anali atabwerako ku Leicester, onse atanyowa. Ndinamva pambuyo pake kuti anakwera basi yanga yomwe, anakhala m'mipando ya m'mwamba poti inali basi yosanjikiza, ananditsatira patali, ndipo anaima panja nthawi yaitali chifukwa Zahra ankakana kulowa. Zahra maso anali pansi. Bi Esha ambulera kudzanja ili, nsalu yopinda kudzanja linalo, yoti andifunditse potuluka. Bi Esha anayankhula, Zahra akumasulira chapansipansi.

"Amayi akuti tiye kunyumba. Akuti masiku atatu sanadye, amamva mwana akumenya khoma. Akuti anakwiya, koma mkwiyo sulera mwana. Muziphika samusa awirinu, muzigulitsa kumasitolo. Mwamuna wakoyo umusiye, ugona kwathu. Ntchito iyi uileke lero."

Ndinati ntchitoyi yalakwa chiyani? Bi Esha sanadikire kumasulira. Anandikankhira pambali, analowa, ambulera patsogolo. Anayenda mapazi angapo n'kuima. Nthunzi, makina, matawulo milumilu, azimayi a maepuloni thukuta lili kamukamu. Anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna khomo lina lobisika. Anatembenukira kwa ine.

"Malaya?"

"Si awa," ndinatero. Ndinatenga amodzi oyera pa hang'ala n'kuwakweza. Ndinaloza mzere wonse, kuchokera pakhoma ili kukafika ilo. "Malaya. Onsewa malaya."

Zahra anatulutsa kamawu ngati wamezera fupa. Anagwira pakamwa, anagwira pamimba, kenaka anandikokera khutu n'kundinong'oneza m'Chingelezi chimene mawuwo amatanthauza m'Chiswahili: mkazi wogulitsa thupi lake.

Ndinakumbukira zonse nthawi imodzi. Hotela. Zala zisanu. Msana. Amuna anga kundikoka dzanja. Ndinadziphimba kumaso ndi malaya a eni, ositasita, ndipo anachita kubwerera kochapa.

Bi Esha anakhala pansi pa thumba la matawulo. Poyamba sanaseke. Anayang'ana malaya, anayang'ana ine, mapewa n'kuyamba kugwedezeka, kenaka misozi. Anandikwapula ndi ambulera pamwendo, osati mopweteka. Atapeza mpweya anauza Zahra kuti andifunse ngati mwamuna wanga amakhala ndi malaya tsiku lililonse. Ndinati tsiku lililonse, ndipo ndimamusankhira ndine. Anafunsa za abusa athu. Ndinati abusa ndiye ali nawo ambiri, Lamulungu amabwera nawo kutchalitchi. Apa anagwa chagada pamatawulo, miyendo m'mwamba. Supavaiza atamva nkhani yonse anazimitsa makina anga n'kunena kuti ndiperekeze amayi angawa kunyumba asanafere pantchito pake, koma mawa ndifike nthawi yake.

Pabasi ndinaona kuti nanenso ndibweze. Ndinauza Zahra kuti afunse amayi ake ngati akudziwa chimene bibi amatanthauza kwathu. Zahra atamva anakana kumasulira. Amayi ake anamutsina mpaka ananena. Kenaka Bi Esha anati ziyankhulo ziwirizi ndi ana a mayi mmodzi amene anagawana katundu mumdima, aliyense anatola thumba la mnzake. Anati koma dzinalo salisintha. Mwana anamupatsa, ndi lake.

Titafika sanalowe kwawo. Anachotsa chivindikiro cha bini pampanda, ndipo Tadala anadutsa ngati mbewa. Madzulo anabwera yekha ndi mbale ya mpunga wa kokonati, nsomba yathunthu pamwamba, anaiika m'manja mwa amuna anga n'kunena pole katatu, akuyang'ana nsapato yawo ija. Iwo anali atamva kale nkhani. Anati kulavuliridwa sakudandaula, chimene chikuwapweteka n'chakuti msewu wonse ukanamva. Anadya. Atasamba m'manja anapita kuchipinda, ananyamula sutikesi ija, anakhuthulira timadiresi pabedi n'kuibweza pamwamba pa kabati. Kwa Anaphiri tinangopereka majuzi a amayi ndi nsapato za mng'ono wanga. Kuyambira tsiku limenelo bambo a Tadala akafuna chovala kuchingwe ankakuwa kuti, "Amake Tadala, shati yanga yauma?"

Tinakhala zaka mumsewu umenewo. Pa Idi tinkadya kwawo, pa Khirisimasi ankabwera kwathu, ndipo nkhuku tinkagula kusitolo ya Asilamu kuti adye momasuka. Ndinaphunzira kukazinga samusa, iye anaphunzira kuthira nsinjiro m'masamba ngakhale ankati kokonati ndiye mfumu. Kwa dokotala tinkapita awiri, iye kundiuza m'chiyankhulo chake, ine kutola zimene ndamva n'kuzipereka m'Chingelezi changa cha Sitandade 7. Mutu ankati kichwa, apo tinasiyana, koma mimba ndi mawondo ankangoloza. Anachira ndithu. Azimayi a kumzikiti amene ankamukayikira anayamba kumuona akuyenda ndi kamwana kakuda kogwira nsalu yake, ndipo akamufunsa ankati ndi mdzukulu wake wa ku Nyasa, ngalawa inachedwa naye.

Tinabwerera kumudzi apongozi anga aamuna atamwalira, amuna anga atapeza malo pachipatala cha kuno. Tadala anali atayamba kale sukulu. Tsiku lotsanzikana Bi Esha sanafune kutuluka. Anapereka pampanda timapaketi tiwiri tomanga ndi ulusi, kena mpunga, kena mchere, ati kuti ndikasankhe ndekha. Tadala analowa kwawoko n'kumukumbatira nthawi yaitali, nsalu yakuda ija itamuphimba yense.

Kwathu ndinapeza denga la malata, mng'ono wanga ali mphunzitsi, ali ndi mwamuna amene sindinamuonepo. Anzanga akale ankandipatsa moni wa alendo, ena ankanditchula mayi a ku UK. Amayi anali atachepa thupi, maso atayamba kuchita nkhungu. Pamsewu wonse kuchokera ku Lilongwe ndinali nditamuphunzitsa Tadala chinthu chimodzi: agogo, agogo, dzina lina lija usalitchule kuno ngakhale pang'ono.

Koma atafika anachita manyazi. Anthu akamulonjera ankayankha m'Chingelezi n'kubisala kumbuyo kwanga. Azakhali ena anati mwanayu anatayika, ndi mzungu. Amayi anangomugwira tsaya monga tsiku lija, n'kupita kukakhala pamkeka ndi lichero lawo. Ndinaona kuti akukhulupirira kuti mawu awo aja apherezera.

Mawa lake m'mawa amayi ankapeta mpunga pabwalo. Tadala anatuluka, anaima patali, kenaka anasendera. Fungo lija ankalidziwa. Anagwada pamkeka, analoza m'lichero.

"Agogo, mchele."

Amayi anaika lichero pansi. Anayang'ana azakhali aja. "Mwamva? Mumati sadziwa Chichewa. Wapempha mchere mwanayu." Anadzuka mofulumira kuposa mmene ndinawaonera chifikireni, analowa kukhitchini, anabwera ndi mchere pachikhatho n'kumuthirira mdzukulu wawo m'dzanja.

Tadala anayang'ana mcherewo, anayang'ana ine. Nkhani ya chimbale cha Bi Esha anakula akuimva. Ndinaona kukamwa kwake kukufuna kuseka. Ndinamupukusira mutu pang'ono kuti asaseke.

Ananyambita wonse, nkhope itakwinyika, n'kutambasulanso dzanja.